Kuchokera pa bwalo la Kamuzu kukatera pa OR Tambo ndi maola angati kwenikweni? Amayi akukwera ndege koyamba

Mai a Tadala, Kasungu
Moni abale nonse. Ndigawireniko nzeru, nkhaniyi yandisowetsa tulo. Mng'ono wanga amene amakhala ku Tembisa, pafupi ndi Joni, wachira sabata yatha, mwana wamwamuna, ndipo akufunitsitsa kuti amayi apite akamuthandize kwa milungu itatu. Amayiwo ali ndi zaka 71, amadwala shuga, amabaya jakisoni m'mawa ndi madzulo, ndipo chibadwire sanakwerepo ndege. Alamu anga anditumizira maulendo atatu kuti tisankhepo, onse ochokera pa bwalo la Kamuzu kupita pa OR Tambo. Woyamba alemba maola awiri ndi mphindi 25. Wachiwiri maola atatu ndi mphindi 55. Wachitatu, womwe ndi wotsikirako mtengo, maola oposa 15. Mabwalo ndi awiri omwewo, nanga nthawi ikusiyana chonchi bwanji? Komanso nditafufuza mtunda pa foni, pena ndapeza 926, pena 1,490. Zoona ndi ziti? Sindikufunsa mongofuna kudziwa ayi. Ndikufuna ndiwerengere bwino nthawi yoti amayi adye ndi yoti abaye, asakagwe pakati pa anthu osawadziwa.

Aphunzitsi a ku Mponela
Mayi, tayamika Mulungu chifukwa cha mphatso ya mwanayo. Manambala onse awiri ndi oona. 926 ndi mamailosi, 1,490 ndi makilomita, mtunda wake ndi umodzi womwewo. Mukadzaona penanso alemba 805 musadodome, amenewo ndi mamailosi a oyendetsa ndege ndi sitima za pamadzi, omwe ndi otalikirapo kuposa a pamsewu. Inu gwirani makilomita pafupifupi 1,490.

Ana anga a Fomu 3 ndimawauza kuti aike lula pa mapu, nsonga ina pa Lumbadzi pomwe pali bwalo la Kamuzu, ina pa Kempton Park pomwe pali bwalo la OR Tambo. Mzerewo umatuluka m'Malawi cha ku Dzalanyama, n'kulowa m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kudutsa pafupi ndi damu la Cahora Bassa, kenako Zimbabwe cha kum'mawa kwa Harare, n'kuwoloka Limpopo pafupifupi pa Beitbridge penipeni. Ndege sitsata mzerewo ndendende chifukwa mumlengalenga mulinso njira zake zoikika, koma sipatuka kwambiri.

Chikondi, Kempton Park
Achemwali, ine ndimakhala pafupi ndi bwalolo moti ndege zimadutsa pamwamba pa denga langa. Tengani woyambawo, wa maola awiri ndi mphindi 25. Umenewo ndi wosaima paliponse. Ndaukwera kangapo.

Mai a Tadala, Kasungu
Zikomo aphunzitsi, zikomo achimwene. Koma mwana wanga Tadala wawerengera pano, akuti ndege imathamanga makilomita oposa 800 pa ola, ndiye 1,490 siyenera kukwana ngakhale maola awiri. Mphindi zinazo zikupita kuti?

Wakale pa Chileka
Mwana wanuyo mutu ukugwira. Ine ndinagwirapo ntchito yokweza katundu m'ndege zaka zambiri, ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira. Nthawi ya pa tikiti sayamba kuwerenga ndege ikanyamuka pansi ayi. Amayamba pomwe achotsa zopinga kumatayala, ndege n'kuyamba kusuntha pamalo pomwe inaima, ndipo amamaliza ikaimanso pamalo pake uko. Ndiye muli kuyenda pang'onopang'ono kupita kumsewu wonyamukira, kudikira chilolezo, kukwera m'mwamba mpaka makilomita 10 kapena 11, komwe kumatenga mphindi ngati 20 isanafike pa liwiro lake lenileni, kenako kutsika, komwe imachepetsanso liwiro. Liwiro la 800 lija ndi la pakati pa ulendo pokha. Pa bwalo la Kamuzu ndege ndi zochepa, simudikira. Koma OR Tambo ndi bwalo lalikulu, ndege zimachita kufola potera, ndipo ikatera imatha kuyenda pansi mphindi 10 kapena kuposa isanaime. Mumlengalenga mwenimweni amayi adzakhalamo maola awiri, kuposerapo pang'ono kapena kuchepera pang'ono.

Wachiwiriwo, wa pafupifupi maola anayi, ndi wodzera kwathu kuno ku Chileka. Malawi Airlines imakonda kuyenda choncho, Lilongwe, Blantyre, kenako Joni. Chodabwitsa n'chakuti mtunda suwonjezereka kwenikweni. Lilongwe kufika Chileka ndi makilomita ngati 245 mumlengalenga, Chileka kufika OR Tambo ngati 1,355, zonse pamodzi 1,600. Kusiyana kwake ndi wachindunji uja ndi makilomita 110 okha, omwe ndege imadula m'mphindi zosakwana 10. Chimene chimadya nthawi ndi kutera, kutsitsa anthu, kukweza ena ndi katundu wawo, n'kunyamukanso.

Nangozo
Musaiwalenso kuti ku Joni ali patsogolo ndi ola limodzi, mwina n'chifukwa chake manambala sakugwirizana.

Chikondi, Kempton Park
Ayi achemwali, pamenepo mwalakwitsa pang'ono. Nthawi ya ku Malawi ndi ya kuno ndi imodzi chaka chonse. Ikakwana 12 koloko ku Kasungu, ku Tembisa ndi 12 koloko. Ndikuchita kutsindika chifukwa munthu wa jakisoni akasintha wotchi popanda chifukwa, zinthu zikhoza kusokonekera. Amayi asakhudze wotchi yawo.

Nangozo
Pepani, ndasokoneza ndi ulendo wa ku Nairobi. Kumeneko ndiye kuli ola limodzi patsogolo. Zikomo pondikonza.

Aphunzitsi a ku Mponela
Ola limodzi limenelo likukhudza ulendo wachitatu uja. Mai a Tadala, taonani bwino, sanalembe ADD penapake?

Mai a Tadala, Kasungu
Alembadi ADD pakati. Ndimayesa ndi chizindikiro cha katundu woonjezera.

Aphunzitsi a ku Mponela
Ameneyo ndi Addis Ababa, ku Ethiopia. Ndiye kuti amayi anyamuke pa Lumbadzi kulowera kumpoto makilomita pafupifupi 2,600, atsike, adikire ndege ina pa bwalo la Bole, kenako abwerere kummwera makilomita oposa 4,000. Zonse pamodzi zikuposa 6,600, kuchulukitsa kanayi ndi kanthu ulendo weniweni uja. Zili ngati munthu wa pa Kasungu amene akufuna kupita ku Lilongwe ayambe wakafika ku Mzuzu. Kwa mnyamata wofuna kupulumutsa ndalama palibe vuto. Kwa mayi wa zaka 71, wa shuga, wosamva Chingerezi bwinobwino, kusintha ndege yekha m'dziko lachilendo, mwinanso usiku, ine ndikukana. Ndalama zimene mungapulumutse apo sizingalipire mtima umene mudzakhale nawo usiku umenewo.

Bambo a Yamikani, dalaivala
Ine ndiyankhule za pansi pomwe ndimadziwa. Ndayendetsa thiraki njira imeneyi zaka 14. Wina pano akhoza kunena kuti bwanji osangowakweza basi, n'zotchipa ndipo anyamula ufa, nyemba ndi zonse za mchikuta. Ndikudziwa kuti ambiri amatero. Koma tamverani mtunda wake. Blantyre kufika Harare kudzera pa Mwanza, Zobue, Tete ndi Nyamapanda ndi makilomita ngati 600. Harare kufika Beitbridge kudzera Masvingo ngati 580. Beitbridge kufika Joni ngati 550. Onjezani Kasungu kufika Blantyre, yomwe ikuposa 400. Mwadutsa 2,100. Maboda atatu, ndipo pa boda iliyonse mumatsika kawiri, kodinda kotuluka ndi kodinda kolowa. Kutentha kwa pa Tete mukukudziwa, munthu wabwinobwino amachita chizungulire. Pa Beitbridge ndawaonapo ndi maso angawa amayi achikulire atakhala pa zikwama zawo pakati pa usiku, miyendo itatupa, akudikira kuti katundu wa m'basi asechedwe. Tsiku ndi theka likatha muli pamsewu ndiye kuti mwayenda bwino. Mtsinje womwewo wa Limpopo, amene ali m'ndege amaudumpha osadziwa n'komwe. Ngati alamu anu ali ndi ndalama ya ndege, musazengereze.

Nangozo
Koma a Bambo a Yamikani, katundu wa mchikutayo ndi wofunikanso. Mayi sangapite kukaona chidzukulu chimanjamanja.

Bambo a Yamikani, dalaivala
Katundu atumize pa basi payekha, alipo anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo. Mayi apite pa ndege ndi chikwama chimodzi. Ufa sutupa miyendo.

Namwino Nabanda
Mai a Tadala, ine ndine namwino ndipo ndikufuna ndikubwezereni ku funso lanu loyamba, la kudya ndi kubaya. Mukawerengera maola awiri ndi mphindi 25 okha mudzalakwitsa. Thupi la amayi silidziwa za tikiti. Limawerenga kuyambira pomwe atseka chitseko ku Kasungu mpaka pomwe akhala pansi ku Tembisa mbale ili patsogolo. Tiuzeni, ndege yoyambayo ikunyamuka nthawi yanji?

Mai a Tadala, Kasungu
Alemba kunyamuka 1:15 masana, kufika 3:40.

Namwino Nabanda
Chabwino, tiyeni tiwerengere limodzi. Ulendo wa kunja amafuna mufike pa bwalo kutatsala maola awiri kapena atatu. Popeza ndi koyamba, tinene atatu, 10:15. Mwayi wanu ndi woti bwalo lili mbali yanu, simulowa m'tauni. Mukadutsa Bua, Madisi ndi Mponela, mumakhota musanafike Lilongwe. Ndi makilomita oposa 100 pang'ono, ndiye munyamuke 8 koloko kapena isanakwane. Akatera 3:40, ikani ola lathunthu la kodinditsa pasipoti ndi kudikira chikwama. Atuluka cha m'ma 4:45. Kufika ku Tembisa mwina 5:30 chifukwa ndi nthawi yoweruka. Mwaona? Maola asanu ndi anayi ndi theka, ndipo apo ndiye kuti palibe chachedwa.

Ndiye chitani izi. M'mawa abaye ndi kudya monga mwa masiku onse. Nkhomaliro yawo ikugwera nthawi yomwe anthu akuitanidwa kukakwera, choncho adye cha m'ma 12 koloko akadali pa bwalo, chakudya chomwe anazolowera. Musadalire cha m'ndege, chimabwera nthawi yake osati ya wodwala, ndipo nthawi zina chimakhala kachinthu kochepa. M'chikwama cha m'manja mukhale inshulini, majakisoni, kamakina koyezera shuga, buku la kuchipatala, kalata ya adokotala yonena kuti mankhwalawa ndi awo, masikono, ndi maswiti angapo oti akamva kunjenjemera kapena thukuta lozizira aponye m'kamwa msanga. Inshulini isalowe m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege. Kumeneko kumatha kuzizira kwambiri n'kuononga mankhwala, komanso chikwama chikatsalira mankhwala atsalira nacho. Atenge okwanira milungu yonse itatu ndi apadera. Za mlingo wa jakisoni musasinthe kanthu pa nokha, pitani nawo kuchipatala kwawo sabata ino mukawauze za ulendowu.

Wakale pa Chileka
Ndiwonjezerepo pa mawu a anamwino. Pogula tikiti, alamu anu apemphe chikuku. Apemphe masiku awiri kapena kuposa ulendo usanafike, osati tsiku lomwelo. Salipiritsa. Amayi akhoza kukana kuti ine ndimayenda ndekha, ndimalima. Auzeni kuti si nkhani ya miyendo. Wokankha chikukuyo ndi amene amadziwa njira. Amawatenga pakhomo la ndege, kuwapititsa kodinditsa, kuwathandiza kupeza chikwama, mpaka kuwapereka m'manja mwa abale. Pa OR Tambo makonde ndi aatali, zikwangwani n'zambiri, munthu woyamba amangotsatira gulu osadziwa kuti ena m'gulumo akupita kukakwera ndege ina.

Mai a Tadala, Kasungu
Abale, mwandithandiza kwambiri, ndalemba zonse m'kope. Koma ndiulule china chomwe sindinanene poyamba. Vuto lalikulu si shuga. Amayi akuopa. Dzulo usiku anandiuza kuti mu 1974, ali mtsikana, m'mudzi mwathu munagwa maliro a munthu yemwe ankabwerera kuchokera ku migodi pa ndege, ndipo kuyambira pamenepo analumbira kuti phazi lawo silidzaponda m'ndege. Ngozi ya ku Chikangawa ya pa 10 June 2024 inangodzutsanso chilonda. Amvekere, "Maola awiri ndili m'mwamba, ndikagwira chiyani?" Ndinasowa chowayankha. N'chifukwa chake ndikufuna nambala yeniyeni, ndiwauze zoona, osati kuwanamiza kuti n'pafupi.

Gogo Mbewe, Ndirande
Mwanawe, amayi akowo usawaseke, ndi a msinkhu wanga ndipo chimene akunenacho ndikuchikumbuka. Inali ndege ya Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu opita ku migodi ya ku Joni, inagwa itangonyamuka pa Francistown ku Botswana mu April 1974, ikubwera kuno. Anthu oposa 70 anathera pomwepo, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwawo atamaliza kontirakiti. Kamuzu anakwiya n'kuletsa kulemba anthu opita ku migodi. Malo aja timakwerera mabasi mu Blantyre muno, mpaka lero timangoti pa Wenela, dzina linachokera kumeneko.

Bambo anga anayenda ulendo umenewo kawiri. Nthawi imeneyo ndege ya Wenela sinkafika ku Joni. Inkawatula pa Francistown, kuchoka apo n'kukwera sitima ya pamtunda. Zinali ndege za mapulopela anayi, zaphokoso, zouluka m'munsi momwe mphepo imagwedeza kwambiri. Ankatiuza kuti munthu unkatsika makutu atagontha.

Ine ndinakwera koyamba ndili ndi zaka 66, kupita kwa mwana wanga. Ndinkanjenjemera ngati amayi akowo. Uwauze izi zochokera kwa mnzawo. Poyamba ndege imathamanga pansi mwamphamvu, msana umakanikizika kumpando, pamenepo atseke maso apemphere, sipatha mphindi ziwiri. Kenako kumakhala bata, kuposa basi ya pa M1. Makutu akatseka ameze malovu. Ikagwedezeka, ndi mphepo chabe, ngati galimoto pa msewu wa fumbi, lamba akhale womanga basi. Ine ndinayamba nyimbo za m'buku chamumtima, ndinapatsidwa tiyi, ndinayang'ana pawindo n'kuona madzi aakulu pansi, mnyamata woyandikana nane anati ndi Zambezi. Ndisanamalize kudabwa anati mangani malamba tikutsika. Kutalika kwake kuli ngati mapemphero a Lamulungu a tsiku la mgonero. Amayi ako akhalapo pa benchi nthawi yoposa pamenepo kambirimbiri.

Mai a Tadala, Kasungu
Agogo, ndawawerengera amayi uthenga wanu mokweza. Akhala chete nthawi yaitali, kenako afunsa kuti, "Iwowo anabwerako bwino?" Ndati eya, ali ku Ndirande. Ati muwapatse moni.

Gogo Mbewe, Ndirande
Ndalandira. Uwauze kuti ndinabwerako, ndipo ndinapitanso kachiwiri.

Aphunzitsi a ku Mponela
Chifukwa cha mantha amenewa, wachindunji uja ndiye woyeneradi. Malo amene munthu woopa amavutika ndi ponyamuka ndi potera. Wodzera ku Chileka ndiye kuti anyamuka kawiri, atera kawiri.

Wakale pa Chileka
Zoona aphunzitsi, ngakhale ine sindingaunyoze wodzera kwathuwo. Uli ndi ubwino wake, m'ndegemo mumakhala ogwira ntchito oyankhula Chichewa, ndipo kwa mayi wachikulire kumva "Amayi, muli bwanji, mukufuna madzi?" ndi mankhwala pa okha. Banja liyeze lokha chomwe chikulemera, chilankhulo kapena kutera kamodzi. Pa ndege iliyonse yochokera ku Lilongwe Amalawi sasowa. Mai a Tadala, mukafika pa mzere wopereka zikwama, yang'anani mayi wina wooneka wodekha, mumupemphe kuti aziwayang'anira. Anthu sakana.

Chikondi, Kempton Park
Ine ndinene za mbali ya kuno, chifukwa ndinalakwitsapo ndipo mpaka lero zimandipweteka. Bambo anga atabwera koyamba, ndinaona pa tikiti kuti afika 4 koloko. Ndinati ndimakhala pafupi, ndinyamuka akatera. Tsikulo kunagwa chimvula cha mabingu, msewu unadzaza, ndipo ine ndinafika mochedwa ndi ola lathunthu. Foni yawo ya ku Malawi sinkagwira. Ndinawapeza ataima pafupi ndi chipilala, chipewa chili m'manja, chikwama achipana pakati pa miyendo, akuyang'ana nkhope ya munthu aliyense wodutsa. Anali asanakhale pansi kuopa kuti ndingawadutse. Sanandikalipire, anangoti, "Ndimayesa ndatsika malo olakwika." Mawu amenewo sindidzawaiwala.

Choncho alamu anu akhale ataima pakhomo lotulukira anthu ochokera kunja ndege isanatere, osati kudikira mu galimoto. Amayi muwalembere papepala, ndi zilembo zikuluzikulu, dzina la mwana wawo, adiresi ya ku Tembisa ndi manambala awiri a foni. A zolowa ndi kutuluka amafunsa komwe munthu akukakhala ndi tsiku lobwerera, ndiye tikiti yobwererayo ikhale yosindikiza papepala. Ndi pasipoti ya Malawi amapereka masiku 30 popanda viza. Milungu itatu ili mkati, koma asadzati mwana wakoma tiwonjezere, kupyola tsiku lomwe adinda kumachititsa munthu kuletsedwa kulowanso.

Za mvulazo, kuyambira October mpaka March kuno mabingu amakonda kuyamba masana kapena chakumadzulo, nthawi yomwe ndege yanuyo ikufika. Zikatero ndege imazungulira m'mwamba kudikira kuti mtambo udutse, mphindi 20 kapena 30. Muwauziretu amayi kuti zikachitika asaganize kuti china chalakwika. Komanso Joni ali pamwamba, bwaloli lili pa mamita pafupifupi 1,700 pomwe la Kamuzu lili pa 1,200 ndi kanthu, madzulo kumazizira msanga. Juzi ikhale m'manja.

Namwino Nabanda
Mphindi 30 zimenezo ndi zomwe ndikunenera masikono aja. Ndipo jakisoni wa madzulo akabayire kunyumba chakudya chitapsa kale, osati pa bwalo. Mng'ono wanu ali m'chikuta, ndiye pakhale wina woti waphikiratu.

Mai a Tadala, Kasungu
Ndabweranso abale. Amayi anapita Lachiwiri, tinatenga wachindunji uja. Tinanyamuka pakhomo 7:40, pa bwalo tinafika 10 koloko itangodutsa. Anadya mpunga wa nyemba womwe ndinawaphikira, titakhala panja pa benchi. Chikuku anayamba akana ndithu, koma mtsikana wokankhayo atawapatsa moni mwaulemu anakwera. Panali mayi wina wa ku Area 25 wopita kwa mwamuna wake, anandilonjeza kuti sawasiya, ndipo anapempha kusinthana mpando kuti akhale nawo pafupi. Ine ndinaima kumpanda mpaka ndege inasowa m'mitambo, ndinalira osabisa.

Alamu anandiimbira 4:52 kuti awalandira. Ndege inatera 3:35. Shuga atayeza kunyumba anali bwino. Usiku ndinayankhula nawo, mwana akulira chapafupi. Ati ponyamuka anagwira dzanja la mayi uja mpaka kumusiyira zikhadabo, koma pambuyo pake anatsegula maso ndipo madzi aja a Gogo Mbewe anawaona. Akufunsa ngati pobwera angapatsidwenso mpando wa pawindo, mbali yomwe adzaonere Dzalanyama. Aphunzitsi, imeneyo ndi mbali iti, kumanja kapena kumanzere?

Aphunzitsi a ku Mponela
Pobwera ndege imadutsa pafupifupi pamwamba pa mapiriwo, ndiye zimatengera mbali yomwe yalowera tsikulo. Apemphe wa pawindo uliwonse, koma usakhale wa pamwamba pa phiko, phikolo limatchinga. Akaona madzi a Cahora Bassa adziwe kuti kwatsala pafupifupi theka la ola, ayambe kuyang'ana pansi.